Phazi Langa Likudikira Khothi

Lachiwiri, 1 Julayi

Andigoneka lero m'wodi ya abambo, pabedi la pafupi ndi zenera. Pakhadi alemba kuti Basil, wa ku Mbungo, zaka 64, matenda a shuga, bala kuphazi lamanja. Mwana wanga Thandi, amene ndi gadiyani wanga, wandigulira kope kumsika wa pa Chipyela. Akuti ndizilemba m'malo momulongololera, makutu ake atopa.

Balalo ndi la mbedza. Ndinaiponda mwezi watha pamchenga ndikuthandiza kukoka bwato, ndipo sindinamve kanthu chifukwa mapazi a munthu wa shuga ndi ogontha. Ndinangomanga kansalu n'kumayenda monga mwa masiku onse, Mbungo mpaka Chipyela, kukaimba kwaya. Tsopano chala chachikulu chada bii, phazi latupa moti silikulowa ngakhale m'patapata.

Adokotala Raymond, amene ndinawaona akadali ndi mamina m'kwaya ya ana, atsuka balalo, andipachika diripi ya mankhwala ophera tizilombo, ndipo andiyambitsa jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo. Shuga anali pa 21. Kenako atenga bolopeni n'kujambula mzere pakhungu langa pamene kutupa kwalekezera, pamwamba pa phazi, n'kulembapo tsiku la lero. Akuti kutupako kukadumpha mzerewo ndiye kuti mankhwala akugonja. Andiletsa kunyowetsa mwendowo kuti inki isafufutike.

Sindikuopa ayi. Kungoti maso akumangopita pamenepo.

Lachitatu, 2 Julayi

Shuga 17. Adokotala anena mosapsatira kuti chalacho n'chakufa, chiyenera kudulidwa, ndipo ntchito imeneyo ndi ya madokotala a opaleshoni a ku Mzuzu. "Mukakwera sitima ya Loweruka lino, a Basil, muluza chala chokha," anatero. "Mukachedwa, sindikulonjeza."

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kale wodwala akamatumizidwa kumtunda, boma linkalipira chipatala chathu cha mishoni zonse: sitima, namwino womuperekeza, ambulansi yomudikira ku Nkhata Bay, mpaka bedi lake uko. Chaka chino anasintha. Akuti wodwala aziyamba waikapo zake, boma n'kudzawonjezera theka linalo. Kwa munthu wa kumtunda mwina n'zochepa, amangokwera minibasi. Ife a pachilumba ulendo wokhawo umadya ukonde wathunthu.

Ndiye tinapanga komiti, tinapeza loya, a Hamilton, mwana wa konkuno amene amakhala ku Mzuzu, ndipo nkhani ili kukhothi. Zowalipira timasonkha nyumba ndi nyumba. A Hamilton anatichenjeza kuti anthu akamalipira ulendo wa kuchipatala, maloya a boma akauza woweruza kuti taonani, akukwanitsa. Pamsonkhano wa mu Meyi, pansi pa mlambe wa kumsika, ndine ndinaimirira n'kunena kuti pasapezeke munthu wolipira, wolipira ndi mboni ya boma. Amayi anaimba nthungululu, abambo anandikumbatira. Tsiku limenelo phazi linali bwinobwino m'nsapato yake.

Ndauza adokotala kuti khothi liyankha Lachisanu. Angoti chabwino n'kupita pabedi lina.

Lachinayi, 3 Julayi

Moyo wa muno ndayamba kuuzolowera. Kukangocha amabwera okolopa ndi mankhwala awo onunkha, kenako namwino Eliness ndi kachipangizo kobaya chala, kenako jakisoni, kenako phala lopanda shuga limene ngakhale mphaka angalibweze. Magadiyani amatulutsidwa adokotala akamayendera odwala, ndiye amasuzumira pamazenera ngati ana oonera mpira.

Pabedi loyandikana ndi langa pali a Mclean a ku Khuyu, msodzi wamkulu kundiposa. Mkodzo unawatsekeka, ndiye ali ndi paipi ndi thumba limene amalinyamula mwaulemu ngati kachikwama ka kutchalitchi. Anauzidwa kale mu Meyi kuti akafike ku Mzuzu, ndipo zitavuta mwezi watha anawagoneka pano. Anali pamsonkhano uja. Sanditchula dzina, amangoti a Komiti.

"A Komiti, ife tagwira mawu anu aja," anatero akumwetulira ndi mano awo otsalawo. "Ngakhale tambala imodzi boma silinaione." Akazi awo, mayi Enelesi, anagwedeza mutu kuvomereza. Ndi mayi wa phee, amangokhala pamphasa m'munsi mwa bedi kumawaingitsira ntchentche.

Masana anabwera anzanga a kwaya ndi zitumbuwa, nthochi zakupsa ndi chigubu cha thobwa. Kwa munthu wa shuga! Thandi analanda zonse n'kupatsa a Mclean, ine n'kundisiyira utaka wowotcha ndi chigwada. Ndamuuza kuti malemu amayi ake anali ndi chifundo kumuposa. Wati n'chifukwa chake shuga wanga anafika pamenepa.

Kutupa kuli mkati mwa mzere.

Lachisanu, 4 Julayi

Tawina! A Hamilton anaimba foni chakumasana kuti woweruza wapereka chiletso, ndondomeko yatsopanoyo iyambe yaima mpaka mlandu wonse utamvedwa. Ndinakuwa mpaka namwino Eliness anathamanga kuganiza kuti wina wagwa pabedi. A Mclean anavina malipenga atakhala, thumba lili m'manja. Madzulo tinamva ng'oma kumsika.

Thandi sanavine. Wati mlongo wake Cyril, mwana wanga wa ku Joni, waimba kuti atumiza ndalama ndikwere mawa, za khothizo ndizikamvera ku Mzuzu. Ndamuuza kuti amuuze Cyril ndalamazo agulire ana ake majuzi, kumeneko kukuzizira. Ndilipirirenji chinthu chimene khothi lati n'chaulere?

Shuga 14. Ngakhale iyeyo wamva nkhaniyi.

Loweruka, 5 Julayi

M'mawa ndinavala malaya oyera, Thandi analongedza chikwama. Kenako anabwera mkulu wa ku ofesi ya chipatala kudzatiuza, ine ndi a Mclean, kuti sanalandire mawu alionse ochokera ku boma ndipo alibe ya tikiti kapena ya namwino wotiperekeza. Chiletsocho anachimva pawayilesi ngati ife tomwe. Akuti tipirire, pofika Loweruka linalo zikhala zitalongosoka.

Adokotala Raymond anadikira kuti mkuluyo atuluke n'kuwerama pafupi ndi khutu langa. "Ababa, ngati muli ndi pogwira, kwerani lero. Zinazo muzikambirana muli ndi phazi." Ndinacheukira a Mclean, iwonso ankandiyang'ana. Ndinayankha mokweza kuti wodi yonse imve, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, sabata imodzi si chaka.

Panali mphunzitsi wina pabedi la kukona, wothyoka mkono moipa. Abale ake analipira mwakachetechete. Potuluka anaima pabedi langa n'kuti, "Pepani a Basil, mkonowu ndi umene ndimadyera." Ndinamuuza kuti akapereke moni kwa maloya a boma, popeza ndi anzake tsopano. Anatuluka atazyolika, ndipo wodi inaseka.

Sitima italira hutala, Thandi anatuluka panja. Mabwato ang'onoang'ono sakuoloka, mwera wakwiya, komanso munthu wa diripi sangamukweze m'menemo. Ndiye mpaka Loweruka.

Lamulungu, 6 Julayi

Mabelu a tchalitchi chachikulu amamveka bwino pazenera pano. Ansembe anabweretsa mgonero mapemphero atatha. Ndamva kuti nyimbo yolowera inagwa pakati chifukwa besi inalibe mwini wake, amene ndine, ndipo ndakondwera pang'ono, Mulungu andikhululukire.

Kutupa kwafika pamzere penipeni. Thandi akuti kwadutsa. Ine ndikuti ndi inki yafalikira ndi thukuta.

Lachiwiri, 8 Julayi

Dzulo linali holide, maofesi onse otseka, ndipo mutu unkandiwawa. Lero adokotala ajambula mzere wachiwiri, pakakolo. Sanafunse maganizo anga pa za inki. Chala chachiwiri chayamba kuda. Asintha mankhwala a m'diripi, awonjezera insulini ya madzulo. Potsuka bala anafika mkati moti mapazi ogontha aja lero anamva, ndinaluma pilo.

Ndinawafunsa za ndalama za boma. Anandifotokozera akumanga bandeji, osadzutsa mutu. Mgwirizano wakale wa boma ndi chipatala unatha kumapeto kwa Malichi. Watsopano ndi umene khothi laletsa. Ndiye a zachuma akuti sangalipire pa wakale chifukwa kulibenso, ndipo sangalipire pa watsopano chifukwa angapalamule mlandu wonyoza khothi. "Poyamba boma limati theka," anatero. "Tsopano palibiretu."

Walira mvula walira matope, ndikudziwa, koma palibe anatiuza kuti matope ake adzakhala otere. Mtima wanga sukukhazikika. A Mclean ankamvetsera zonse, kenako anati, "Musadandaule adokotala, a Komiti akonza zimenezo." Bola akanangonditukwana.

Lachitatu, 9 Julayi

Netiweki imagwira bwino pakona ya khonde, ndiye Thandi anandikankhira kumeneko pa wilitcheya. A Hamilton akuti akudziwa zonse, abwereranso kukhothi kukapempha kuti lilamule boma lizilipira monga kale mlandu usanathe. Tsiku lake ndi Lachiwiri likubwerali, pa 15.

Ndinawauza za phazi. Anati, "Malume, moyo ndi wanu, sindingakuletseni. Koma ndisakunamizeni. Mukalipira inuyo, maloya a boma adzatchula dzina lanu m'khothi. Adzati ngakhale amene ankaletsa anzake uja analipira." Ndinafunsa ngati tsikulo lingasendere pafupi. Anati woweruza ali ndi milandu ina, ya malo ndi ya ufumu, ndipo yonse eni ake akuti ndi yachangu.

Pobwerera Thandi anayendetsa wilitcheya mwaukali, dala, pamiyala yokhayokha. "Ababa, inu mumakonda kunena kuti mlandu suola. Nanga phazi?" Ndinamuuza kuti aziyang'ana njira.

Lachinayi, 10 Julayi

Thupi latentha, 38.6. Fungo layamba, ndikulimva ndekha. Namwino Eliness ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, amati "Yewo ada", zikomo bambo ya kwawoko, pa chilichonse, ngakhale pondibaya. Lero pomasula bandeji anangotsegula zenera.

Lachisanu, 11 Julayi

Anzanga a komiti anabwera onse, atavala majekete ngati akupita kukafunsira mbeta. Akuti chilumba chonse chikukamba za ine, kuti a Basil akana kukwera sitima chifukwa cha anthu. Wapampando anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti ndine mzati wa mlandu umenewu. Anapemphera, anaimba, anasiya nkhuku. Palibe amene anapempha kuona phazi, nanenso ndinali nditalifunditsa bulangete chifukwa cha fungo. Ndisaname, mawu awo anandikomera.

Atachoka, Thandi anati, "Mzati umenewo akadzaudula, adzakuberekeni ndani kuchokera ku Mbungo? Awapampandowo?" Akunena zoona. Kwathu galimoto siifika. Kumunda n'kwa miyendo, kutchalitchi n'kwa miyendo, ngakhale kuchimbudzi n'kokwera miyala. Ndinakhala theka la moyo wanga ku Bulawayo ndikukonza mainjini a anthu, ndikulota tsiku lodzayendanso tinjira timeneti. Ndiye ndidzakhale pakhonde kumadikira wondinyamula?

Koma Lachiwiri ndi pafupi. Nditakwera mawa, khothi n'kugamula mokomera ife ndisanatuluke n'komwe m'chipatala, ndidzadutsa bwanji pamsika? Mphunzitsi uja ndidzamuyang'ana ndi maso ati? Ndauza Thandi kuti itidutse sitima imodzi yokhayi basi.

Loweruka, 12 Julayi

Yalira, yapita. Adokotala sanandilankhule kupatula kufunsa ngati ndadya. Thandi wasamutsira mphasa yake kukhitchini ya magadiyani, amangobwera ndi chakudya n'kutuluka.

Lolemba, 14 Julayi

Mzere wachitatu, pamwamba pa kakolo. Shuga sakutsika, 19. Mitsempha ya m'manja yatopa ndi diripi, lero anachita kufufuza pobaya mpaka kuseri kwa chikhato. Ndikumanjenjemera ngakhale dzuwa lili pamutu, ndipo chakudya sichikulowa.

Ndikuopa. Ndalemba kuti ndione ngati mantha amachepa akakhala papepala. Sachepa.

A Mclean paipi yawo inatsekeka m'mawa, anabuula mpaka wodi yonse inangoti zii. Ataisintha anapumula, anapukuta thukuta, n'kunditembenukira. "Mawa, a Komiti," anatero, chala chili m'mwamba.

Lachiwiri, 15 Julayi

Tsiku lonse kawayilesi ka a Mclean kanali pakati pa mabedi athu, foni ili pachifuwa panga. A Hamilton anaimba dzuwa litapendeka. Maloya a boma anabwera ndi pempho lawolawo loti chiletso chichotsedwe, mbali zonse zikufuna nthawi yoyankhana, ndiye woweruza waimitsa nkhani mpaka pakati pa Ogasiti. "Si zoipa, malume," anatero. "Chiletso chathu chikadalipo."

Ndinayamba kuwerenga sitima za pakatipa ndi zala, ndinalekera panjira.

A Mclean anafunsa kuti zatha bwanji. Ndinati zikuyenda. Anati zikomo, n'kuzimitsa kawayilesi kuti asunge mabatire.

Lachinayi, 17 Julayi

Za dzulo sindikukumbuka bwino. Thandi akuti ndinkaimba besi ndekha, kulankhula Chindebele ndi kuitana amayi ake. Thupi linafika 39.8. Wabwezeretsa mphasa yake pansi pa bedi langa.

Lero adokotala Raymond anakhala pabedi panga, chinthu chimene sachita. Bolopeni sanaitulutse. Anangoika dzanja lawo mopingasa, pansi pa bondo langa. "Mukakwera Loweruka, mwina apa. Mukapanda kukwera, sitikambanso za mwendo, ababa. Tikamba za maliro."

Ndinafunsa za chala chokha chija. Anati imeneyo inali sitima yoyamba ija.

Atatuluka, Thandi anagwada pansi, mwana amene sanandigwadirepo chikwatiwireni. "Ababa, ndalama za Cyril zinafika kalekale, zili m'foni mwangamu. Ngati mwasankha kufa, mundiuze ndipite ku Mbungo ndikayambe kutola nkhuni." Sanalire, ndipo zimenezo n'zimene zinandithyola.

Ndinati kagule matikiti. Ndinanena motsitsa mawu, koma m'wodi muno mulibe chinsinsi, ngakhale kutsokomola kwa munthu kumadziwika mwini wake.

Lachisanu, 18 Julayi

A Mclean sanasinthe. Anandipatsa moni monga mwa nthawi zonse, anandifunsa ngati thupi lazizirako. Ine ndi amene ndikulephera kutembenukira mbali yawo, khosi lachita kuuma. Wapampando watumiza uthenga pafoni, wa liwu limodzi lokha: "Tamva." A Hamilton sindinawaimbire.

Adokotala awonjezera botolo lina la diripi la panjira ndipo namwino Eliness ndi amene atiperekeze. Akuti tikafika ku Nkhata Bay ambulansi idzakhala ikudikira, popeza yalipiridwa.

Madzulo ndinapempha Thandi kuti andisambitse mwendowo kuyambira pabondo mpaka pabandeji ndi kuupaka mafuta. Anafunsa kuti za chiyani. Ndinati munthu sapita paulendo ali mbuu. Anaupaka pang'onopang'ono, osayang'ana nkhope yanga.

Loweruka, 19 Julayi, m'sitima

Ndikulemba nditagona pamatiresi, diripi aipachika pachitsulo cha denga. Mwera ukutigwedeza ndipo zilembo zikupita m'mbali. Chilumba chikadaoneka.

Amuna a kwaya ndi amene anabwera kudzandinyamula pamachira mpaka kudoko. A Mclean anatambasula dzanja n'kugwira langa. "Mukafike bwino, a Komiti. Mukatisungire malo." Ndinangoti zikomo.

Tili pakhonde la chipatala, mayi Enelesi anatitsatira mothamanga n'kugwada pambali pa machira, manja ali pamodzi. Chigonereni m'wodi muja sindinawamvepo akulankhula mawu opitirira moni.

"Pepani a Komiti, ndangoti ndifunse, popeza odziwa ndinu. Abambowa mkodzo wayamba magazi. Nanga ife tidikirebe, kapena bwanji?"

Magadiyani onse pakhondepo anatchera khutu, onyamula machira anaima. Ndinayankha onse akumva. "Mayi, musadikire. Lipirani. Loweruka likubwerali akwere."

Anayankha akuyang'ana pansi.

"Chabwino, tamva. Kungoti za ulendozo tinali nazo, tinagulitsa ukonde adokotala atangotiuza. Mutalankhula pamlambe paja, abambowa anati ndiye zilibenso ntchito, tikapereke za loya. Ndinabwera nazo ndine ku Mbungo. Munalandira nokha."

Ndikukumbuka. Anabwera m'mawa wina, ndalamazo zili pamfundo ya chitenje, ndipo ndinawayamika kuti Khuyu yatichotsa manyazi.

Sitima inalira, amuna aja anadzutsa machira. Mayi Enelesi anaimirira, anasasa fumbi m'maondo, n'kundifunira ulendo wabwino.